Nzama Yopanda Mwini

Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo wamkuluyo ndinali ine. Lachitatu ana awiri anamenyana m'kalasi mwanga. Pofika Loweruka makolo anali atadzaza chipinda chomwecho, atapanikizika pa madesiki a ana awo mawondo ali m'mwamba, kudzagamula ngati Madamu Ednah, ineyo, atsale kapena amange katundu. Sukulu yathu kuno ku Kanakantapa anamanga ndi makolo, njerwa anaumba okha, ndipo mphunzitsi wonga ine amamulemba ndi iwo omwe. Akakuda palibe ofesi yoti ukalireko. Umangokwera minibasi.

Mlandu wanga unali pa tebulo, aliyense akuuona. Linali bolodi la pulaiwudi, kukula kwake ngati chitseko cha khola la mbuzi, ndipo pambali pake wina anali ataikapo kale bokosi la machesi.

Ndiyambe ndi bolodilo. Nkhani ya malonda a akapolo ana anga ankangoiloweza, kulemba mayeso, mawa lake n'kuiwala. Ine zinkandiwawa. Ndiye chaka chatha ndinapempha thabwa kwa kalipentala ndi penti yotsala kutchalitchi, n'kupanga masewero. Kumadzulo ndinajambula midzi. Pakati ndinadutsitsa mtsinje wa Luangwa ndi penti yobiriwira, poti yabuluu panalibe. Kum'mawa njira yaitali yokhotakhota imakathera kunyanja yaikulu, kumene zombo zinkadikira anthu. Ogwidwawo ndi mbewu, chimanga ndi nyemba. Zimayambira kutsidya kwa mtsinje, ndipo zimangosendera kunyanja pang'onopang'ono. Osewera ndi omasula, aliyense ndi chivindikiro cha botolo. Ogula anthu ndi timiyala takuda. Palibe mwana amene amasewera ngati wogula anthu, ayi, nzeru ndili nazo ine. Timiyalato timayenda mmene dayisi lanenera. Onse akasuntha timatsegula khadi limodzi n'kuwerenga: za mudzi umene unamanga linga n'kukana kupereka anthu ake, za ogwidwa amene anathyola goli n'kuthawa, za anthu a kutsidya kwa nyanja amene anasiya kudya shuga wolimidwa ndi akapolo, za lamulo lothetsa malondawo limene kuno linachedwa kufika.

Lamulo lalikulu ndi limodzi. Makhadi asanathe, mbewu zonse zifike kumidzi; lomaliza likatsegulidwa, kwatsala kusuntha kumodzi basi. Ikatsala imodzi yokha, nonse mwaluza. Palibe nambala wani.

Palinso timalamulo tiwiri timene ana sankatilabadira kwenikweni. Mukakumana panjira mukhoza kupatsirana mbewu, wolandirayo n'kuthamanga nayo pomwepo. Ndipo womasula akaima powolokera mtsinje kamwala sikangadutse, koma iyeyo amagwidwa, masewero ake n'kuthera pamenepo. Ndani angafune zimenezo?

Pakati pa chimanga ndi nyembazo panali nzama imodzi yamawangamawanga. Ana akafunsa ndinkati nyemba zinaperewera. Bodza. Nzamayo anali a Jenala, agogo awo a agogo anga. Anagwidwa ali kamtsikana, akukumba nzama ndi amayi awo, kwinakwake kumadzulo kwa Luangwa. Anawoloka mtsinje chingwe chili m'khosi, anagulitsidwa uku ndi uku mpaka anakathera kwathu ku Katete, kumene anakalamba n'kumwalira osadziwa dzina la mudzi wawo. Chimene ankakumbukira ndi mtundu wa dothi la m'mundamo basi. Chiwongo analibe, ndipo ngakhale dzina loti Jenala anachita kupatsidwa atakula. Amayi anandiuza nkhaniyi kamodzi kokha, tikuchapa, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Usakanene kwa anthu. Adzakutcha kapolo, ana ako adzasowa owakwatira." Ndinamvera. Koma pa bolodi langa ndinawaikapo, kutsogolo kwenikweni, kufupi ndi nyanja, ndipo chiyambire masewerowa anali asanafikepo kwawo. Ana ankapulumutsa ambiri, koma makhadi ankatha nzama ili panjira. Ndinkaitola ndekha n'kuibweza m'chitini mtima ukupweteka, munthu wamkulu ine, chifukwa cha kambewu.

Tsono Lachitatu lija ndinawerenga khadi lonena kuti amalonda ambiri ankabwera ndi mfuti kuchokera kum'mawa. Chipego, mwana wa Ba Greenwell, amene makolo ake ndi Asoli, eni nthaka kuno, anatembenukira Kondani, mwana wa Ba Nason, amene kwawo ndi ku chigawo cha Kum'mawa, kutsidya kwa Luangwa, monga ine.

"So ni imwe," anatero Chipego.

Kondani pakamwa sipachedwa. "Inde, ndipo inu munali akapolo athu."

Patapata linavulidwa ine ndisanaimirire. Mlomo wa Kondani unang'ambika, Chipego analira kuposa womenyedwayo, ndipo ndikanali kuwalekanitsa chitsulo chowerukira chinalira. Khadi lotsatira, limene likanawongola zonse, linatsala chivundikirire pa tebulo. Ana ananyamula theka la nkhani kupita nalo kunyumba, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ba Greenwell ndi wapampando wa komiti ya makolo. Ba Nason ndi wachiwiri wawo, komanso mkulu wa mpingo. Loweruka lililonse masana anthu awiriwa amakhala pansi pa mtengo wa mango kuchigayo, kudyana pa nsolo ndi kunyozana mpaka dzuwa kupendeka. Chidziwirane sanagwirizanepo pa kanthu, ngakhale pa tsiku lodzala chimanga. Koma pa nkhani yanga anagwirizana.

Anayamba ndi Ba Greenwell, chipewa chili m'manja.

"Ise tinatuma ana kuti aphunzire. Manje ba Madamu afukula vinthu vamene makolo athu anakwirira. Mwana wanga amuitana kapolo pa dziko la makolo ake. Nifuna bolodi iyi ipse, na ba Madamu ayende."

Anthu a mbali yawo anavomera ndi mitu. Kenako Ba Nason anaimirira n'kukonza magalasi.

"Ife a Kum'mawa tinabwera kuno ndi makasu, osati mfuti. Lero mwana wanga mlomo watupa, ndipo akutchedwa wogulitsa anthu. Komanso dayisi ndi makhadi m'sukulu, si njuga imeneyo? Mlongo, ndinu wakwathu, koma mwatichititsa manyazi."

Liwu la wakwathulo ndi limene linandilasa. Ndinayang'ana ahedi athu, Ba Mwaanga, kuti mwina anenapo kanthu. Iwo anali kuyang'ana nsapato zawo ngati azigula m'mawa womwewo. Ine ndimapsa mtima msanga, amene amandidziwa akudziwa, ndipo mawu amene anali pa lilime langa akanandikweza minibasi tsiku lomwelo. Ndinawameza. Ndinaganiza za ana anga a giredi seveni, za kanyumba kanga kuseri kwa sukulu, za mphonda zimene ndinali nditangodzala. Ndinachita mantha, ndisaname.

"Alipo pano amene anaonapo masewerowa akuseweredwa?" ndinafunsa.

Palibe anali atawaonapo.

"Ba Cheya, kuchigayo kuja munthu angaweruze nsolo imene sanaione? Sewerani kamodzi, inuyo ndi Ba Nason. Mukatha tenthani, ine ndipita osakangana. Koma ndikuchenjezeni, palibe amene anawinapo. Mwina ndi ovuta ngakhale kwa akulu."

Azimayi anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Ba Virginia, akazi awo a Ba Greenwell, amene amagulitsa masamba a repu ndi tomato pamsewu ndipo saopa munthu, anauza amuna awo kuti, "Bashi Chipego, akuitanani."

Basi, nsomba inameza nyambo. Anakoka mipando n'kukhala moyang'anizana, anthu n'kuunjikana mozungulira. Ndinafotokoza malamulo onse bwinobwino, koma ndinkaona kuti akulowera khutu ili n'kutulukira linalo.

"Manje uyu nimudya bwanji?" anafunsa Ba Greenwell, akuloza Ba Nason ndi chibwano.

"Simudyana. Muli mbali imodzi."

"Ine ndi ameneyu?" anatero Ba Nason.

Anayang'anana ngati ndawauza kuti afunde bulangete limodzi. Ndiye Ba Greenwell anatambasula chala n'kuyamba kulekanitsa mbewu. "Chimanga ni changa. Nyemba ni zanu." Palibe anawauza zimenezo, ndipo pa malamulo anga mulibe. Koma munthu wa nsolo sangakhale pa bolodi osadziwa kuti zake ndi ziti.

Masewero oyambawo anali chisokonezo chokhachokha. Ba Nason ankatchingira Ba Greenwell njira mwadala. Kamwala kakagwira chimanga iwo ankaseka mpaka kutsokomola, kakagwira nyemba Ba Greenwell ankamenya tebulo. Ndikamawerenga khadi ankati, "Fulumirani, Madamu." Musandiuze za chala chimodzi chosaswa nsabwe. Mwambi umenewo onse awiri amaudziwa, Ba Nason amaulalikiranso pa guwa, koma pa bolodi unali usanafikepo. Makhadi anatha mbewu zambiri zili mulu kunyanja.

"Mwaluza nonse," ndinatero.

Ba Nason anatambasula dzanja kutenga machesi. Koma dzanja la Ba Greenwell linagwa pa bolodi, phaa.

"Imani. Ine sinichoka pa bolodi naluza."

Aliyense wa kuchigayo akudziwa zimenezi. Tsiku lina bambo ameneyu anapitiriza nsolo mbuzi zikuboola thumba lake la ufa kumbuyo kwake, chifukwa anali asanabweze chigoli. Ine ndinali nditaiwala. Mulungu yekha ndiye anakumbukira.

"Bwezani mbewu," anatero.

Ulendo wachiwiri nthabwala zinatha. Anayamba kuwerenga mabokosi ndi zala, milomo ikuyenda, monga achitira asanatole miyala pa nsolo. Kutchingana anasiya. M'chipinda munakhala bata, moti tsopano makhadi anamveka. Ndinafika pa khadi lija linatsala Lachitatu, ndipo ndinaliwerenga mosafulumira: kuti amalonda sankagwira ntchitoyo okha, kuti mafumu ena a m'midzi ankasinthanitsa anthu ndi nsalu ndi mfuti pamene ena anakana mpaka midzi yawo inatenthedwa, ndi kuti Kum'mawa nakonso anthu ankagwidwa chimodzimodzi. Panamveka kung'ung'udza. Mkulu wina kumbuyo anati, "Ivo tinamvako." Palibe anamutsutsa.

Koma aliyense ankathamangabe ndi zake. Ba Greenwell anafikitsa chimanga chomaliza kumudzi n'kuimirira, manja m'mwamba. "Nawina." Ba Nason anafikitsa nyemba yomaliza posuntha potsatira, n'kuyamba kukangana kuti njira yawo inali yaitali. A mbali iyi anaomba m'manja, a mbali iyo anaombanso. Ine ndinawaleka asangalale. Kenako ndinatsegula khadi lomaliza n'kuika chala pafupi ndi chombo, pamene panali nzama.

"Mwaluza."

"Shani?" anafunsa modabwa Ba Greenwell.

"Iyi yatsala."

"Iyo si yanga. Ine ni chimanga."

"Si yanganso," anatero Ba Nason. "Nyemba zanga ndi izi, werengani."

"Ndiye ndi ya yani?"

Anayang'anana. Anayang'ana anthu. Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni, ndipo sindinamezenso.

"Ndi mmene zinkakhalira. Wokhala ndi abale ankalondoledwa, ankaomboledwa. Wopanda mwini ankakwera chombo, kumudzi anthu akuomba m'manja kuti athu onse afika."

Mvula inali itayamba kuwaza pa malata. Ndinaganiza kuti basi, ndadzimaliza ndekha, munthu sukalipira amene akukuweruza. Ba Nason anatenga bokosi la machesi lija, analitembenuza m'manja, n'kuliika m'thumba la jekete.

"Bwezeraninso," anatero.

Ulendo wachitatu anayamba ndi upo, mitu pamodzi, chinthu chimene Kanakantapa inali isanaonepo.

"Imwe a Kum'mawa njira muidziwa," anatero Ba Greenwell. "Yendani mukatenge ako kali kutali. Ine nizatuta vapafupi, chimanga na nyemba pamodzi."

"Nyemba zanga muzigwire bwino," anayankha Ba Nason.

Zinayenda, abale. Ba Greenwell ankatuta ngati ngolo ya ng'ombe pa nthawi yokolola, kupita ndi kubwera, kuzemba timiyala. Ba Nason analowa mpaka kufupi ndi nyanja, anatola nzama chombo chisanaitenge, n'kutembenuka. Azimayi anayamba kulangiza, azibambo kutsutsa malangizowo. Ngakhale Ba Mwaanga anasiya nsapato zawo n'kubwera kudzasuzumira. Mbewu yomaliza yapafupi itafika kumudzi, Ba Greenwell anaika chivindikiro chawo pakati pa midzi, anatsamira mpando n'kupinda manja.

"Ine natsiriza. Ba Nason, tiyembekeza imwe."

Ba Nason anali akadali kutsidya, kamwala kakuda kali m'mbuyo mwawo, ndipo mulu wa makhadi unali utapyapyala. Anawerenga mabokosi ndi chala kuchokera pamene anali mpaka kumudzi. Anawerenganso. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwerenga kachitatu.

"Sindifika," anatero.

Ine ndinali nditawerenga kale. Njira ndinkaidziwa, koma ndikanangoitchula akanati Madamu wadziwinira yekha mlandu. Ndinaluma lilime mpaka kumva mchere. Ndinayang'ana nzama ija pansi pa chala cha Ba Nason n'kunena mumtima kuti pepani agogo, lero ndiye tipitira limodzi.

Pamenepo Ba Virginia analankhula.

"Bashi Chipego, dzulo pa munda wa ba Salome munatsiriza mzere wanu woyamba. Munakhala pansi?"

Muyenera kudziwa kuti Januwale kuno udzu suyembekeza munthu, ndiye timapalira m'magulu, lero munda wa uyu, mawa wa uyo. Dzulo lake gulu linali kwa Ba Salome, amene amuna awo anamwalira. Ndipo pa gulu pali mwambo umene palibe anaulemba. Ukatsiriza mzere wako sukhala pansi. Umayang'ana amene watsalira, umalowa mu mzere wake kuchokera kumapeto, n'kumapalira chomuchingamira mpaka makasu anu akumane. Munkoyo, thobwa la kuno, sutsegulidwa wina akadali m'munda. Amuna awiriwa achita zimenezi chiyambire unyamata wawo, Msoli kuchingamira Mchewa, Mchewa kuchingamira Msoli, osaganizako n'komwe. Koma ukawaika pa bolodi amasanduka anthu ena.

Ba Greenwell anayang'ana akazi awo nthawi ndithu. Manja aja anamasuka.

"Ba Madamu, wamene wafika angabwerere?"

"Palibe lamulo loletsa."

Chivindikiro chinatuluka m'mudzi n'kulunjika kumtsinje. Ba Nason anabwera chakuno, Ba Greenwell anapita chauko, kamwala kakusendera, makhadi akutha. Anakumana powolokera penipeni.

"Nipaseni," anatero Ba Greenwell.

Chala cha Ba Nason sichinachoke pa nzama. "Ndavutika nayo ulendo wonsewu, ndiye mukafike nayo ndinu? Anthu aombere m'manja inu?"

"Nipaseni chabe, mudala. Makasu akumana."

Ba Nason anapuma mozama n'kukankha nzama ndi chala. Ba Greenwell anathamanga nayo mpaka pamene lamulo linawalola. Koma kamwala kanali pafupi, ndipo aliyense anaona kuti kakawoloka kawapeza asanafike. Inali nthawi ya Ba Nason kusuntha. Pambali panali bango, pobisala pabwino, bokosi limodzi lokha kuchokera pamene anali.

"Mlongo," anatero osandiyang'ana, "munati woima powolokera amatani?"

"Amagwidwa."

"Nanga mbewu?"

"Imapita."

Anasiya chivindikiro chawo pomwepo, pakati pa mtsinje wobiriwira, n'kuchotsa dzanja. "Ponyani dayisi lanu la njugalo."

Ndinaponya. Kamwala kanafika pa iwo n'kuima. Ndinachotsa chivindikiro chawo pa bolodi, azimayi ena n'kuti mayo, ngati munthu wagwidwadi. Ndinatsegula khadi lomaliza, lija lonena za kutha kwa malonda a anthu, koma palibe analimva, chifukwa Ba Greenwell anali atayamba kusuntha ndipo chipinda chonse chinkawerenga nawo mokweza. Bokosi, bokosi, bokosi. Nzama inalowa m'mudzi.

Ine sindinaonepo phokoso lotere pa sukulu imene ija. Ba Virginia anayambitsa nthungululu, azimayi a mbali zonse anaipokera, madesiki anasanduka ng'oma. Ana amene ankasuzumira pa mawindo, mvula ikuwanyowetsa, analumpha ngati timu yawo yagoletsa. Ba Greenwell anazungulira tebulo n'kukweza dzanja la Ba Nason m'mwamba.

"Tawina!" anafuula.

"Tawina chifukwa cha ine," anatero Ba Nason, koma dzanja sanalichotse.

Ine ndinali nditakhala pa desiki, misozi ili chuchuchu, osatha kuibisa. Ndinakondwa, ndinakondwa kwambiri, moti za ntchito ndinali nditaiwala. Phokoso litachepa Ba Greenwell anatola nzama ija, anaiika pa chikhatho n'kubwera nayo kwa ine.

"Manje tiuzeni. Ni ndani uyu wamene watichotsa thukuta so?"

Mawu a amayi anabwera m'khutu, omveka bwino ngati ali pambali panga ndi sopo m'manja. Ndinaimirira. Ndinanena zonse: kamtsikana kokumba nzama, chingwe, mtsinje, Katete, dzina lopatsidwa, chiwongo chimene panalibe. Ndinamaliza ndi kuti, "Ndiye ngati mukufuna kapolo pa sukulu ino, musavutitse Chipego. Mdzukulu wa kapolo ndine."

Pa windo Kondani anazyolika. Ba Nason anavula magalasi.

"Mlongo, mawu amene mwana wanga ananena aja, anatukwana inu. Lolemba abwera kudzapepesa, kwa inu ndi kwa mnzakeyo. Ndibwera naye ndekha."

"Mwati kumadzulo kwa Luangwa?" anafunsa Ba Greenwell.

"Inde. Koma mudzi sitiudziwa. Dzikolo ndi lalikulu, mwina sikuno."

"Kumadzulo kwa Luangwa ni kuno," anatero Ba Virginia. "Ise sitifunsa vambiri."

Ba Greenwell anapukusa mutu, akuyang'ana kambewuko. "So tinali kufuna kupitikitsa mwana wa pa nyumba."

Ba Mwaanga anatsokomola, pepala la msonkhano lili m'manja. "Ba Cheya, nanga nkhani ya ba Madamu tilembe bwanji?"

"Nkhani iti?"

Anthu anaseka. Wina anafunsa za machesi, Ba Nason anati ndi a kukhitchini, amayi a kunyumba akuwafuna. Chimene komiti inagamula tsiku limenelo ndi zinthu ziwiri. Choyamba, makhadi awiri aja ndiziwawerenga tsiku limodzi, chitsulo chilire kapena chisalire. Ndinavomera, anali ndi mfundo. Chachiwiri, Loweruka bolodi lizipita kuchigayo. Likupita mpaka lero, ndipo limabwera lili mbuu ndi ufa. Ndamva kuti tsopano amakangana za amene agwidwe powolokera, aliyense akufuna akhale iye.

Koma nzama ija Ba Greenwell sanandibwezere.

"Mbewu siikhala mu chitini," anatero, n'kuipereka kwa akazi awo.

Lolemba titaweruka Ba Virginia anabwera kudzanditenga. Tinapita kumapeto kwa munda wawo, pafupi ndi chulu, pamene nthaka yake ndi ya makolo a makolo awo. Anandipatsa khasu. Ndinakumba ndekha, ndinaika, ndinakwirira. Ndinkaopa kuti yakalamba m'chitini, yagwidwa ndi zala zambiri, simera. Inamera. Chipego ndiye ankaithamangitsira nkhuku, ndipo mvula itatha tinafukula nzama zodzaza dzanja. Imodzi ndinaiika pa bolodi, ndipo ndi imene ana akusewera nayo. Masiku ano amathamangira iyo poyamba.

Zotsalazo ndinazimanga pa kansalu n'kupita nazo ku Katete pa holide. Njira yonse ndinkakonza mawu, chifukwa amayi anga si munthu wowaswera lamulo. Ndinawapeza pakhonde akusankha mtedza. Ndinagwada n'kumasula kansaluko.

"Amayi, ndinanena."

"Unanena chiyani?"

"Za a Jenala. Pamaso pa anthu."

Manja awo anaima. Ndinawafotokozera zonse, za bolodi, za machesi, za amuna awiri aja, za munda wa pa chulu. Sanandidule mawu ngakhale kamodzi. Nditamaliza anatola nzama imodzi, anaiyandikiza kumaso, n'kukanda ndi chikhadabo dothi limene linali litaumira pa khoko lake.

"Dothi la kumeneko ndi lotani?" anafunsa.

"Lofiira, amayi."

Anayang'ana fumbi lija pa chala chawo.

"Eya," anatero. "Ndi mmene ankanenera."